Mbale za Amake Unity

Ku komboni ya Ipusukilo mukafunsa za Gertrude Sakala, anthu angokuyang'anani. Koma nenani kuti Amake Unity, ngakhale wogulitsa makala akulozerani nyumba. Anachoka ku Katete ali mtsikana, kutsatira amuna awo a Nicodemus, owotcherera zitsulo. Zaka makumi atatu tsopano akukazinga zitumbuwa pakhomo, ndipo mukawafunsa za moyo amangoti, "Tikudya, tikugona."

Tsiku lina kunabwera mtsikana wa kafukufuku, dzina lake Keziah, kudzafunsa chakudya chimene banja limadya pamwezi. Anapeza bambo okha. A Nicodemus, amene chikwatirire sanasuzumirepo m'saka ya unga, anayankha molimba mtima: "Tilipo anayi, saka imodzi imatikwana." Mawa lake Keziah anasiyira mayi kabuku koti azilembamo zophika tsiku ndi tsiku. Mwezi utatha, kabuku kanati masaka atatu.

Ha! Loweruka Keziah anabweranso maso ali ofiira, bwana wake ali pambuyo.

"Amayi, akuti manambalawa ndinangopeka pansi pa mtengo. Ntchito indithera lero."

Amake Unity zinawapweteka kwambiri. Mtsikanayo anali wakhama, komanso kabukuko analemba iwo ndi dzanja lawo.

"Anthu anayi sangathe masaka atatu, amayi," anatero bwanayo. "Wina walakwitsa, kaya bambo, kaya kabuku."

"Khalani pansi, bwana. Twelufu ili pafupi."

Anatulutsa mbale n'kuzindandalika pamphasa. Bwana anawerenga: khumi ndi imodzi. Asanafunse n'komwe, anthu anayamba kufika. Ana atatu a mayi wa nyumba yoyandikana, amene amaswera kumsika. A Edson, mlonda wa tchalitchi cha Reformed. Achibale awiri a ku Katete amene anabwera kudzafuna ntchito kumigodi, chaka chatha chimenecho. Ndi nkhalamba ina yoti mayi eniakewo dzina lake sakulidziwa bwino. Aliyense anangolunjika pa mbale yake osafunsa.

A Nicodemus, amene masiku onse masana amadyera kuntchito koma tsikulo anali pakhomo, anangoti kukamwa yasa.

"Onsewa amadya pano?"

"Atate ake Unity, inu munawerenga ogona. Ine ndimawerenga akudya."

Bwana anakanda mutu, nauza Keziah kuti Lolemba alawirire kuntchito. Mtsikanayo anapukuta maso, mtima uli m'malo.

Mayi analowa m'nyumba, nabwera ndi mbale zina ziwiri.

"Sambani m'manja, bwana. Iwe Keziah mwana wanga, tsegula kabuku kaja. Lero ulembe khumi ndi atatu."