Zigamba Khumi ndi Zinayi pa Kapinga wa a Neville

A Neville Tregonning anasamala kapinga wa bwalo lathu logubuduzirapo mipira kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ine Glenys ndimaphika tiyi pakalabu pomwepo, ndiye zonse ndinkaziona pawindo la kukhitchini. Bambo amenewa udzu ankaudziwa kuposa mkazi wawo, ndipo mayiwo ankanena okha zimenezi.

Pakatuluka chigamba chofiira sankathamangira mankhwala ayi, ankayamba agwada kaye. Akaona timaulusi ngati ta kangaude pa mame a m'mawa, ankati ndi chuku, madzi achuluka. Udzu ukamazuka wopanda mizu, akhwangwala n'kumajompha pomwepo, ndiye kuti pansi pali mbozi. Ankathirapo ndowa ya madzi a sopo, mbozizo n'kutuluka zokha. Chigamba chikauma pakati koma m'mbali muli biriwiri, ankangofunsa kuti galu wakodzapoyo ndi wa ndani.

Mnzawo wa ponda apa nane mpondepo anali a Lindsay Hocking, wapampando wa kalabu, amene amatsimphina chichitireni opaleshoni ya m'chiuno. Awiriwa ankawedza limodzi ku mtsinje wa Murray kuyambira ali osakwatira.

Mu Novembala, kutatsala milungu iwiri kuti mpikisano wa chigawo uchitikire kwathu, panatuluka zigamba khumi ndi zinayi zondondozana kuchokera kugeti mpaka kushedi. A Neville anagwada, anathira sopo, mbozi ng'o. Kenako ndinawaona akuyenda m'mbali mwa zigambazo, phazi lalitali, phazi lalifupi, lalitali, lalifupi, ngati munthu wotsimphina. Pomwa tiyi anandinong'oneza kuti sanali matenda. Masiku khumi m'mbuyomo a Lindsay anapopera mankhwala opha udzu poimika magalimoto, n'kudutsa pabwalo ndi jombo zomwezo.

A Neville atawauza pawiri, a Lindsay anachonderera kuti zisamveke, wapampando angachite manyazi. A Neville analonjeza, nanenso anandilumbiritsa. Chitsiru ine, ndinavomera.

Anadula zigambazo n'kuikapo kapinga wa kuseri kwa shedi, koma udzu sugwira pa milungu iwiri. Mpikisano anausamutsira ku tauni ina.

Pamsonkhano wapachaka a Lindsay anaimirira, mapepala a kampani ina ya udzu wapulasitiki ali m'manja. Anati achimwene athu a Neville akula, matenda a kapinga a masiku ano awakanika, tonse tadzionera. Anati pulasitiki sadwala, safuna madzi, safunanso womusamala. Anayankhula mwaulemu wake, mpaka kuwathokoza a Neville chifukwa cha ntchito yawo. Njoka yeniyeni! Ine mtima unawira, ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi ketulo. Ndinawayang'ana a Neville kuti atsegule pakamwa, koma anangokhala duu, chipewa chili pabondo. Povota, amene tinakana pulasitikiyo tinali awiri, ine ndi mkazi wa a Neville.

Panja a Lindsay anabwera akutsimphina, dzanja lili patsogolo.

"Musazitengere kumtima, achimwene. Ndi za kalabu izi."

"Ndamva, achimwene," anatero a Neville. "Jombo zija musataye. Pulasitikiyo muziyendapo momasuka, sadzakuululani."

Dzanjalo sanalilandire. Tsiku limene makina anabwera kudzapala bwalo, iwo anadula kachidutswa kamodzi ka kapinga, n'kukakabzala pakhomo pawo. Kukalabu sanapondekonso, ngakhale kumtsinje amapita okha. Nditawafunsa chifukwa chake sanaulule, anati lonjezo analipereka asanadziwe kuti munthuyo ndi wotani, komabe analipereka.

Limenelo ndi lawo. Langa latha lero, ndatopa nalo. A Lindsay amabwerabe Lachisanu lililonse kudzagubuduza mipira pa pulasitiki wawo, amene dzuwa likakula amawotcha mapazi. Tiyi ndimawapatsa wozizira, ndipo amamwa mpaka kutsiriza. Sanandifunsepo chifukwa chake.