Nkhanga Imene Idayanjanitsa Akuluakulu a Khoti

Fungo la mpunga ukupsawo landikumbutsa kanthu. Tsutsani ngati mukufuna, anzanga inu, koma ine ndidagamulapo mlandu ndili ndi magweru.

Bambo anga anali womasulira pakhoti la pa Boma, Che Saidi kalaliki wamkulu. Adayambana polimbirana mpando woyandikana ndi bwana Disii, mpaka mzunguyo adatopa nati akapanda kugwirizana, wina amutumiza ku Karonga.

Tsiku lina ndidamva bambo akulalata: "Ameneyu ndimuonetsa chidameta nkhanga mpala!"

Ndidati ndiwathandize. Ndidagwira nkhanga ya amayi, ulendo kwa Che Saidi kuti akadzionere okha mpalayo.

Adayang'ana nkhanga, nkuyang'ana ine. "Mashallah! Bambo ako apepesa? Yamoyonso, kuti ndiichinje, ndiizinge ndekha mwa Chisilamu!"

Ndidabwerako nditasenza mpunga umene adandipatsa kuti ndikapatse bambo. Bambo adawomba m'manja: "Mwaona? Wagonja!" M'mawa mwake mpando uja ankachita kukankhirana, aliyense akuti, "Khalani ndinu, achimwene." Onse adamwalira akukhulupirira kuti adayamba kupepesa ndi mnzake.

Ndimakonda kunena kuti ndidakhala chete mwanzeru. Zoona zake, nditangoona ndevu za Che Saidi, kukhosi kudauma gwa, kabudula ndiye adanyowa.