Mapilisi Anayi a Swadick

Anzanga, Swadick ndinakumana naye pa boda ya Chiponde chaka chatha. Ine Shakila ndimapikula zitenje ku Mozambique n'kumagulitsa pamsika ku Mangochi. Tsikulo chibelo changa chinamasuka pakati pa msewu, iye n'kuimitsa njinga yake yamoto kudzanditolera.

"Chemwali, katundu wokongola ngati mwini wake mukumutaya m'fumbi?"

Ndinaseka. Kuseka kumeneko ndi kumene kunandipweteketsa.

Mnyamatayo pakamwa pake panali shuga. Ankandinyamula osandilipiritsa, kundibweretsera mafuta onunkhira a ku Mandimba, kundilonjeza ukwati wa nikah mvula ikangotha. Ine kugwa nazo, makutu gwa, olo wina akanandichenjeza sindikanamva.

Nditadumpha miyezi iwiri ndinamuuza. Mawa lake anabwera ndi kapepala kopindapinda, mkati muli mapilisi anayi.

"Babe, imwa awa nkhani ithe. Ine sindili ready."

Ndinakana. Mwanayo ndinkamufuna. Kapepalako ndinakaponya m'kathumba ka m'kati mwa chikwama changa, ndipo pofika madzulo Swadick anali atandiblocka.

Azimayi mukudziwa za kusikelo. Ulendo woyamba amati ubwere ndi bambo wa mwana, ukabwera wekha umatsalira kumapeto kwa mzere aliyense akukuyang'ana. Swadick ndinamuimbira pa foni ya mnzanga. Anandiyankha kuti mimba ndi nkhani ya akazi, iye sizikumukhudza.

Ndiye ndinapempha a Willard, bambo wa kabaza amene amanditengera katundu kumsika, munthu wa ana asanu. Anakhala nane pabenchi chipewa chili m'manja, anayezetsa nane magazi, nesi n'kulemba dzina lawo m'buku langa lachipatala. Manyazi amene ndinamva tsikulo sindidzawaiwala.

Nthawi yomweyo Swadick anali atalowa kagulu kena ka anyamata kokambirana za lamulo la kuchotsa mimba. Tsiku lina ndikupinda zitenje ndinamva mawu ake pa wailesi, akuti boma liike lamulo loti mkazi asamachotse mimba mwamuna asanasaine, chifukwa mwana ndi wa anthu awiri.

Anzanga... nseru imene inandigwira sinali ya mimba ayi.

Patatha masabata atatu ndinagwa pamsika, m'mimba mukupota ngati wina akundicheka. A Willard ndi amene anathamanga nane kuchipatala. Adokotala anati mimba inakhala m'chubu, osati m'chiberekero, ndipo chubucho chaphulika. Mwana sangakhale moyo, ndipo akachedwa kundipanga opaleshoni inenso ndipita.

Ndinalira. Chitenje chomuberekera ndinali nditapatula kale, chobiriwira cha maluwa achikasu. Koma ndinasaina.

Akundikonzekeretsa, Swadick tulukiru pakhomo la wodi. Nkhani anaimva kwa anzake pa siteji. Anali atavala T-shirt ya kagulu kawo, foni m'mwamba, ali live.

"Guys, onani! Akufuna kupha mwana wanga osandifunsa. Wallahi pano sachotsa kanthu, bambo ndine!"

Ine magazi akutayikira m'mimba, iye akusaka ma like.

Nesi wamkulu anatsegula buku langa osapupuluma.

"Ndinu a Willard?"

"Ayi, ndine Swadick."

"Ndiye muno mulibemo, achimwene. Komanso olo a Willard sitiwafunsa. Amene akumwalira ndi uyu, ndipo wasaina kale."

Swadick anayamba kukuwa kuti ndine wachimasomaso, ndamubera mwana n'kupatsa wakabaza. A Willard anangoweramitsa mutu. Pamenepo mtima unandiwira. Ndinapempha a Willard kuti andipatsire chikwama changa, ndinapisa m'kathumba kaja n'kutulutsa kapepala kake.

"Usazimitse foni, Swadick. Onetsa anthu ako awa. Auze amene anandibweretsera, ndipo anali a ntchito yanji."

Anayang'ana mapilisiwo, anayang'ana foni, kenako anaizimitsa. Anatuluka osanena olo pepani.

Ndinatsitsimuka ndili ndi bala pamimba, chubu chimodzi palibe, mwana palibe. Chitenje chija ndinakapatsa akazi awo a Willard, amene ankandibweretsera phala masiku onse amene ndinagona m'chipatala.

Ambiri mwakhala mukundifunsa mu inbox kuti kodi abambo asamakhale ndi mawu pa mimba yawo yomwe? Ine sindine loya, ndipo ndikudziwa kuti alipo abambo amene amalira mwana ngati mmene ndinalirira ine. Koma lamulo limene Swadick akufunalo likanakhalapo, moyo wanga ukanadikira siginecha ya munthu amene anakana kukhala nane pabenchi ya sikelo.

Mawu Swadick anali nawo, kawiri konse. Koyamba anati chotsa, kachiwiri anati usachotse.

Maulendo onse awiri sanandifunse ngati ndikumva kuwawa.