Chaka chimene ndinabatiza mwana wa eni ake

Kapu ija inali yachitsulo, yoyera, ya mlomo wabuluu, yosupuka pafupi ndi chogwirira pomwe panaoneka kuda ngati dzino lobooka. Agogo aamuna anabwera nayo kuchokera kumigodi ku Joni, ndipo sinkamweredwa ndi munthu wamba. Inkakhala pamwamba pa kabati kudikira alendo. Koma chaka chimene amalume anabwera kutchuthi kuchokera ku seminale, kumene ankaphunzira zaunsembe, amayi anaitsitsa n'kuitsuka ndi phulusa, n'kundiuza kuti kuyambira lero iyi ndi ya amalume ako, ukaigwira ndikudula zala. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinaigwira tsiku lomwelo.

Inali nyengo yozizira, yokumba mbatatesi. Kwathu ku Mlangeni nkhungu ikatsika m'mawa, khola la ng'ombe suliona uli pakhonde, umangomva fungo la ndowe ndi kutsokomola kwa ng'ombe. Milomo yathu inali yong'ambika, miyendo yotuwa ngati tagona paphulusa. Amalume okha ndiwo anali osalala, a sokosi, onunkhira sopo. Iwowa ndi mlongo wawo wamng'ono wa amayi, amayi anawabereka kumbuyo ali khanda, kuwapukuta mamina ndi chitenje. Koma chilowereni ku seminale amayi anasiya kuwatchula kuti iwe. Zinali inu, inu, mpaka kugwada powapatsa madzi osamba.

Tchuthi cha munthu wa ku seminale si tchuthi ayi. Pobwerera amayenera kutenga kalata ya bambo mfumu a ku mishoni, yonena mmene wakhalira kumudzi. Kalatayo ikapanda kulembedwa, basi, zaka zonse zija zapita m'madzi, ubwerere ukagwire khasu. Amayi sankaganiza china koma kalata imeneyi. Ndipo kwa iwo mdani wa kalata anali mmodzi yekha, atsikana. Mwezi umenewo atsikana a mudzi wonse mchere unawathera nthawi imodzi, aliyense kubwera kudzapempha kwathu atadzola mafuta mpaka m'makutu. Amayi ankawachingamira kumsewu ndi mchere uli kale m'manja. Ine anandipatsa ntchito yotsata amalume kulikonse. Ukaona siketi, uthamange udzandiuze, ankatero. Lero ndikaganiza ndimaseka ndekha. Amayi ankalondera kumsewu pamene njoka inali m'nyumba, ikudya nawo mbale imodzi.

Amalume anali atangophunzira za ubatizo, ndiye madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe ankayeserera pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nkhokwe. Mwana wake linali dzungu lokulunga m'chitenje, wolinyamula n'kukhala ine. Iwo atagwira kapu ija, nkhope yachifundo, ankathira madzi katatu, dzungu n'kunyezimira. Dzungu limenelo linabatizidwa kambirimbiri mpaka linayamba kuola kumchombo.

Vuto la amalume linali limodzi, ndipo alinalobe. Funso sangalisiye lidutse. Mukawafunsa ngati kugwe mvula, amayamba ndi choyamba, chachiwiri, chachitatu, inu zovala zanyowa kale. Ndiye ine tsiku lina ndinafunsa kuti wobatiza amayenera kukhala ndani. Anati wansembe. Akanalekera pomwepo bwenzi zonse zili bwino. Koma anakweza chala n'kuwonjeza kuti pangozi ya imfa munthu aliyense angathe kubatiza, bola pakhale zinthu zitatu, madzi oyenda pamutu, mawu onse osadumpha, ndi mtima wofunadi kubatiza. Ndinafunsa kuti ngakhale ine? Anati ngakhale iwe. Anandiphunzitsa mawu aja mpaka ndinawaloweza kuposa ma taimuzi a kusukulu.

Mwana wa zaka zimenezo simumuuza zotero. Ine panopo mwana wanga akadzakula sindidzamuuza ngakhale komwe timabisa machesi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuona ngozi ya imfa paliponse. Ndipo pakhomo pathu amene anali pangozi yeniyeni zinali nkhuku, chifukwa amayi ankafuna amalume abwerere ku seminale ali ndi masaya. Amayi akangoti igwire yathadzi ija, ine ndinkaigwira, n'kuzungulira nayo kuseri kwa khitchini komwe kapu inali ikudikira m'maudzu. Nkhuku imaphethira moseketsa madzi akaigwera pa lipombo. Ndinkaipatsa dzina labwino la m'tchalitchi, kenako n'kukaipereka kumpeni mtima wanga uli mbee. Amalume anadya Akhristu anayi osadziwa, n'kumayamikira msuzi.

Tsono pafupi nafe pankakhala banja la mpingo wina, uja wa abusa okwatira. Bambo a m'nyumbamo anali mkulu wa mpingo, munthu wa jekete ndi chipewa ngakhale popita kukhola. Anali ndi khanda lalimuna la miyezi itatu, ndipo anali atakonza kuti mbatatesi ikatha kukumba akalibatizitse kwa abusa awo. Mbuzi ya phwando inali itasankhidwa kale, ikudya madeya payokha.

M'mawa wina mayi a khandalo anandisiyira mwana pakhonde pawo kuti athamangire kudimba kuseri kwa nyumba. Anati sachedwa. Mwana anali atagona pamphasa, atamufunditsa mashawelo awiri. Poyamba ndinkangoingitsa ntchentche. Kenako ndinamva kaphokoso, ngati ketulo ikamayamba kuwira. Ndinavundukula shawelo. Pansi pa nthiti pankalowa m'kati, kutuluka, kulowa, msangamsanga ngati mwanapiye amene wagwidwa m'manja, mphuno zikutambasuka, milomo yotuwa ngati phulusa. Sankalira. Polemba izi ndadzuka kale kawiri kukaona wanga amene wagona apayu.

Sindinakuwe, sindinaitane munthu. Ndinathamanga kwathu, kukwera pampando, kutsitsa kapu, kutunga mumtsuko madzi ozizira oluma mano, kubwerera osataya ngakhale dontho. Ndinathira katatu, mawu onse ndinanena, dzina ndinamupatsa. Mwana anakuwa kukuwa kumene sindinakumveponso. Mayi ake anatulukira khasu lili m'manja, anayang'ana ine, kapu, mwana. Anamuponya kumbuyo n'kuyamba kuthamanga njira ya kuchipatala, opanda nsapato.

Nkhani ikanathera pomwepo. Koma ine ndinaona kuti ntchito yabwino siyenera kubisika, ndiye ndinakaifotokoza pamjigo, pamaso pa amayi onse otunga madzi, mpaka kuwaonetsa mmene ndinapendekera kapu.

Mwana atatuluka m'chipatala, bambo ake anafika pakhomo pathu chipewa chili pamutu, kukana mpando. Mawu awo ndimawakumbukirabe: mwandibera mwana dzuwa likuswa mtengo. Anati wa ku seminale wanuyu akutuma ana kuti azilowetsa makanda a eni ake ku Chiroma mozemba, ndipo nkhaniyi aifikitsa kwa bambo mfumu. Amayi anakhala pansi pomwe anaimapo, pafumbi.

Tsiku lopita ku mishoni amayi anatiphunzitsa njira yonse. Ankati yankho ndi limodzi, anali masanje. Ine ndinene masanje, amalume anene masanje, tipepese, tibwerere. Amalume ankangogwedeza mutu, buku lili kukhwapa.

Tinakhala pakhonde la ansembe, pa simenti yofiira yozizira kumatako. Panali bambo mfumu, munthu wachikulire wa imvi ndi magalasi omanga ndi ulusi, panali akatekisiti, ifeyo, bambo a chipewa aja, ndi mayi a mwana atakhala pansi kumapeto, mutu woweramitsa. Bambo mfumu anamvetsera zonse. Ndipo ngakhale ine ndinaona kuti akufuna kutitsegulira khomo, chifukwa anatembenukira kwa amalume n'kufunsa mofatsa kuti, awatu anali masanje a ana, eti?

Amalume akanangoti inde. Liwu limodzi. Amayi anali atatseka maso, milomo ikuyenda.

Amalume anakonza kukhosi n'kuimirira. Choyamba, anatero. Anandifunsa ngati madzi anayenda pamutu. Ndinati anayenda mpaka m'khosi. Chachiwiri, mawu. Ndinawanena onse mokweza, osapunthwa. Chachitatu, kodi unkasewera kapena unkafunadi kubatiza? Ine kunama pamaso pa ansembe ndinaopa, ndinati ndinkafunadi. Amalume anatembenuka nkhope ikuwala ngati mwana amene wakhoza mayeso, n'kulengeza kuti ngati zili choncho ubatizowo ndi weniweni ndipo sungabwerezedwe.

Iwe! Khala pansi, chitsiru iwe! Awo anali amayi. Ulemu wa zaka zonse zija unathera pa simenti pomwepo.

Bambo a chipewa anadzuka n'kunena kuti mwamva nokha. Bambo mfumu anavula magalasi n'kundifunsa ngati pali enanso amene ndinawabatiza. Ndinawerenga pa zala, nkhuku zathadzi zitatu, tambala mmodzi, ndi kamwana ka mbuzi kamene kanatsegula m'mimba. Anafunsa kuti nanga Akhristu amenewa ali kuti tsopano. Ndinati mbuzi ilipo, enawo anadya amalume. Bambo mfumu anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka, ine n'kumaganiza kuti akulira chifukwa cha machimo anga. Akatekisiti anapita kuseri kwa nyumba kukatsokomola, ndipo anatsokomola nthawi yaitali.

Koma atavalanso magalasi, kuseka kunali kutatha. Anati nkhani yagona pa chinthu chimodzi. Ngati mwana sanali pangozi, ndiye kuti wophunzira wawo wayambanitsa mipingo iwiri popanda chifukwa, ndipo kalata ya munthu wotero iwo sangailembe. Bambo a chipewa anayankha msanga kuti chinali chimfine chabe, ana onse amatsokomola nyengo ino. Kwa nthawi yoyamba amalume analibe choyamba.

Apo ndi pamene mayi a mwana analankhula, osadzutsa mutu, mawu otsika moti tinachita kutchera khutu. Anati sichinali chimfine, abambo, chinali chibayo. Anati anamwino anawauza kuti akanafika dzuwa litapendeka akanabwerera ndi mwana wozizira. Anati iwo kudimba sakanadziwa kanthu, chimene chinawaitana ndi kukuwa kwa mwana atathiridwa madzi aja. Atatero anakonza shawelo.

Amuna awo anayang'ana pansi. Kenako, pang'onopang'ono, anavula chipewa.

Bambo mfumu anagamula motere. Mwana ndi wa makolo ake, apite naye kwa abusa awo, mbuzi idyedwe, zotsalazo bambo mfumuwo akakambirana okha ndi abusawo pa tiyi. Ine anandiuza kuti tsiku lina ukadzaona mwana akupuma choncho, yamba wakuwa, kapu pambuyo. Kwa amalume anati mwaphunzitsa mwana theka la phunziro, ndiye kalata mudzaitenga mukakumba mbatatesi ya bambo awa sabata yathunthu, buku litatsala kunyumba, pakamwa potseka. Amalume anati, koma bambo, malamulo amanena kuti... Bambo mfumu anati sabata ziwiri.

Anakumbadi. Manja osalala aja anatuluka matuza, matuza n'kuphulika, sokosi zinasanduka zofiira ndi dothi. Atsikana a mchere ankadutsa m'mbali mwa munda akuseka, ndipo amayi sanawathamangitsenso, anati munthu wonunkha thukuta chonchi amutenge amene akufuna. Kalata inalembedwa. Lero amalume ndi ansembe, ulaliki wawo umafika mpaka chachisanu ndi chiwiri. Khanda lija ndi mnyamata wamtali, amapalasa kabaza pa Boma, akandiona pamsika amakuwa kuti bambo mfumu, mwaswera bwanji, anthu n'kumatembenuka.

Kapu ija ili ndi ine, amayi anandipatsa nditakwatiwa. Wanga ali ndi miyezi iwiri tsopano ndipo kuzizira kwayambanso. Ndimasiya mbale zili m'madzi kukavundukula shawelo, kuyang'ana pansi pa nthiti, kuika khutu pakamphuno. Bambo ake amati ndidzamutopetsa mwana ndi maso. Iwo sanaone zimene ndinaona ine.

Koma pali kanthu kena kamene kanachitika sabata yomwe amalume ankakumba. Ndinali ndekha pamjigo, mayi aja anabwera, anayang'ana uku ndi uku, n'kugwada kuti nkhope yawo ifanane ndi yanga. Anandifunsa monong'ona kuti, mawu aja unanenadi onse, sunadumphe ngakhale limodzi? Ndinaganiza kuti mlandu wayambiranso. Ndinalumbira kuti onse, ndipo ngati akufuna ndibwereze. Anati bwereza. Ndinabwereza, iwo atatseka maso. Atatero anasenza ndowa yanga pamutu pawo, munthu wamkulu, n'kukanditulira pakhomo pathu.

Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti mnyamata uja anali wachitatu, kuti awiri oyamba anapita nyengo yozizira ngati yomweyo, tsiku la abusa lisanafike, mbuzi zawo zikudyabe madeya. Ine ndinangoona kuti andifunsa mayeso ndipo ndakhoza. Ndinayenda pambuyo pawo manja ali m'chiuno, ndikudabwa kuti munthu amene wapeza yankho lolondola akuliriranji.