Thiraki ya Chimanga Imene Inatsala pa Chinyunyu

Chaka cha chilala chija ndinkagulitsa nthochi ndi mazira owiritsa m'mbali mwa msewu pa Chinyunyu. Madalaiva a mathiraki ochokera kudoko la Beira ndinkawadziwa nkhope, koma nkhopezo zinayamba kuchepa. Inali Edzi, ngakhale tonse tinkangoti "matenda aja". Ukafunsa za wina, mnzake ankati, "Anapita kumudzi," n'kuyang'ana kumbali.

Tsiku lina masana thiraki yofundidwa tenti inaima pafupi ndi tebulo langa. Anatsika bambo ena amene kale anali onenepa, tsopano lamba ataboolanso mabowo atatu. Ndinawapatsa madzi.

"Mwachedwa ulendo uno, ba dalaiva," ndinatero.

"Amayi, kudoko anthu atha," anayankha. "Sitima zangoima pamadzi kudikira. Woyendetsa makina otsitsa katundu anamuika m'manda, wolowa m'malo mwake akutsokomola. Wodinda mapepala amaoneka kamodzi pa sabata. Chimanga ichi chakhala miyezi m'shedi."

Anati apume pang'ono pansi pa mtengo, koma sanathenso kudzuka. Amuna a m'mudzi anawakweza minibasi kupita nawo kuchipatala ku Mpanshya. Patapita masiku anayi tinamva kuti amwalira.

Thiraki inatsala pompo. Eni ake anatumiza uthenga kuti alibe dalaiva wina. Tonse tinali ndi njala, ndipo tinkadziwa kuti m'matumba a m'thirakimo muli chimanga chachikasu cha chithandizo, koma palibe anamasula chingwe ngakhale chimodzi. Chinatiletsa ndi phokoso. Dzuwa likaswa mtengo, msewu uli zii, m'kati mwa tentimo munkamveka kunong'ona, ngati anthu ambiri akupemphera chapansipansi. Anthu ankati ndi mizimu. Amayi anzanga anasamutsa matebulo awo. Ine ndinatsala chifukwa cha mthunzi, koma ndinkakhala chofulatira.

Patatha masabata atatu kunabwera dalaiva wina ndi wapolisi. Atakweza tenti, anankafumbwe anakhuthuka ngati mchenga wakuda. Matumba ena anali atasanduka fumbi lokhalokha.

"Mizimu yanu ija ndi iyi," anatero wapolisi akuseka.

Palibe anaseka naye. Dalaivayo atatsegula chitseko anapeza jekete la mnzake pampando, ndipo anaima nthawi yaitali asanakwere. Kenaka anayatsa injini n'kulunjika ku Lusaka.

Pamene panaima thiraki panatsala chimanga chotayika, chokwana mwina lichero lathunthu. Ndi njala yonse ija, palibe munthu anawerama kuti atole. Zinadya ndi nkhuku.