Simenti ya Andireya

Ndikukumbukira chaka chimene makolo anga anakwera lole n'kundisiya ndekha ku Mchinji. Ndinali nditangomaliza Fomu 2. Kwathu ndi ku Phalombe, koma ndinakulira m'maesiteti a fodya kufupi ndi Kamwendo, kumene bambo ndi mayi anali matenanti. Moyo wa tenanti mukuudziwa: fodya akagulitsidwa mumapinda mphasa, kumanga mapoto, n'kukasaka bwana wina. Chaka chimenecho fodya sanachite bwino, ndipo bambo anandiuza mosapsatira kuti sukulu yanga yathera pomwepo.

M'kalasi sindinali wanzeru, ndisaname. Komanso sindinali mbuli. Ndinali wapakati, gulu lija aphunzitsi amaliiwala mayina chifukwa silipambana ndiponso silivutitsa. Othandiza ana pa fizi ankabwera ndithu, koma ankafuna anambala wani, ife apakatife ntchito yathu inali kuwaombera m'manja. Chimene ndinkachitha ine n'kusajomba basi. Nyengo yothyola ndi kusoka fodya ana a matenanti ankasowa m'kalasi, koma ine ndinkalawirira, kusoka gawo langa, n'kuthamangira kusukulu manja ali bii.

Tili pafupi kusamuka, mphunzitsi wathu wa Chichewa, a Mbewe, anafika pa esiteti panjinga. Anauza bambo kuti m'mudzi wina cha ku Ludzi muli mayi wamasiye, a Nabanda, amene mwana wawo Andireya anagundidwa ndi galimoto pamsewu waukulu n'kumwalira ali Fomu 4. Azichimwene a Andireya ogwira ntchito ku Lilongwe anasonkha zomangira chiliza pamanda ake, koma mayiwo anakana. Anati ndalamazo zilipirire fizi mwana wonga Andireya wawo, wosakhoza kwambiri koma wosagonja.

"Ndiye mwaona kuti wosakhoza kwambiriyo ndi wangayu?" anafunsa bambo.

A Mbewe anaseka. Bambo sanaseke, koma anavomera.

Banja la akatekisiti linandipatsa kachipinda kosungiramo mtedza. Lole itanyamuka kulowera ku Kasungu mayi sanacheuke, ndipo ndinadziwa kuti akulira. Anthu a kumeneko sanali oipa, komabe ndinali wobwera. Pachitsime atsikana anzanga ankayeseza kalankhulidwe kanga ka kummwera, mwakuti ndinazolowera kutunga madzi ndili duu. Lamulungu tikatuluka ku Misa aliyense ankapita kwa abale ake, ine n'kubwerera kukakhala ndi matumba a mtedza. Ndinkawasowa mayi anga koopsa. A Nabanda ndinali nditawaona kamodzi kokha, tsiku lokawathokoza. Anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo anangoti, "Uzipita kusukulu."

Mu Novembala, mwezi wokumbukira akufa, akhristu anapita kukalambula manda a abale awo. Ine ku Mchinji ndinalibe manda a aliyense. Ndiye ndinabwereka khasu n'kupita pamanda a Andireya, ndikuti ndiwo ulemu. Panalibe wondiuza kuti manda a eni sugwira usanaitanidwe. Oyandikana nawo anali a simenti, ena a matailosi onyezimira. Ake anali mulu wa dothi, mtanda wake wamtengo chiswe chitayamba kale kuudya.

Ndili mkati mopalira anatulukira bambo wina wamtali, amalume ake a malemuyo.

"Ndiwe mwana wa yani iwe? Wakutuma ndani?"

Ndinagwada n'kufotokoza. Iwo anatembenukira anthu amene ankalambula pafupi.

"Ndi uyu akudya simenti ya mwana wathuyu? Kusukulu amakhala nambala chani?"

Wina anayankha kuti ndi wapakatipakati.

"Mwaona? Akanakhala wanzeru bwenzi tikuti tidzapeza dokotala. Mwana wathu akuvumbwa ndi mvula chifukwa cha mwana wa tenanti."

Panalibe amene anandiyankhira. Ndinatola khasu langa n'kuchoka. Posakhalitsa zotsatira za teremu zinatuluka, ndipo ndinali pomwe paja, pakati. Ndinadziuza kuti amalumewo sananame. Mtima unkandipweteka ndikaganiza kuti munthu wagona pansi popanda chiliza, chikhalirecho ine masamu akundikanika.

Ndinapita kwa a Nabanda. Ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza wa mbewu.

"Amayi, musandilipirirenso," ndinatero. "Mangani chiliza. Ine ndilondola makolo anga. Nzeru zake ndilibe."

Sanasiye kuswa mtedza. Anandiuza kuti Andireya anabwereza Sitandade 8 mpaka anzake kumutcha agogo a m'kalasi, koma m'mawa uliwonse ankapopa njinga n'kumapita.

"Achimwene angawo ndi amene ankati asiye, akalime fodya," anatero. "Ali moyo sanamugulirepo ndi pensulo yomwe. Lero akufuna kumugulira matailosi." Kenako anandiyang'ana. "Teremu ino wajomba?"

"Ayi, amayi."

"Nanga ukundivutitsiranji?"

Anakankhira lichero kwa ine, tinaswa mtedza limodzi. Pamene ndinkatsanzika anati, "M'mawa nyumba ino imakhala zii. Kale ndinkamva njinga yake ikutuluka. Ukamapita kusukulu uzidzera pano."

Njira yodzera kwawo inali yozungulira, yodutsa padambo, ndipo nthawi ya dzinja ndinkafika m'kalasi matope ali m'miyendo. Koma ndinkadzera. Ndinkawapeza akusesa pabwalo. Tsiku lina ankati "Wadzuka," tsiku lina "Wachedwa," zochezera zathu zinali zomwezo. Abale awo ena anasiya kuwayendera chifukwa cha ine, ndipo iwo sanandiuzepo, ndinachita kumva pachitsime.

Mayeso a Fomu 4 ndinakhoza. Osati mochititsa kaso, koma mokwanira kulowa sukulu ya uphunzitsi. Makolo anga anali kutali, choncho woyamba kumuuza anali a Nabanda. Analowa m'nyumba, anamanga chitenje china, n'kutuluka ndi makasu awiri.

"Tiye tikamuuze," anatero.

Pamanda paja analankhula ngati munthu akulankhula ndi mwana amene wakhala pakhonde. Anamuuza kuti mayeso aja alembedwa, ndipo zayenda. Ine ndinalira mpaka kulephera kugwira khasu.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo m'kalasi mwanga ndimayamba kuloweza mayina a ana apakati. Ndikumvetsa tsopano kuti a Nabanda sankasaka mwana woti adzatchukitse dzina la Andireya. Ankangofuna kuti mwana mmodzi wonga iye afike pamene iye sanafike, ndipo analolera kutsala okha pakati pa abale awo kuti zimenezo zitheke. Ine ndinkadziona wosungulumwa, osadziwa kuti iwo ndiwo anali osungulumwa kundiposa.

Anamwalira ndili kale pantchito. Ana awo anawamangira chiliza chokongola, koma pambali pake Andireya akadali pamulu wadothi, monga mayi ake analamulira. Azichimwene a Andireya amasonkhabe, ndipo ine ndimaponyapo kanga. Chaka chino tikulipirira mnyamata wa Fomu 3, mwana wa tenanti wa cha kwa Zulu. Masamu amamuvuta.