Tsiku Limene Bambo Anawamba Ng'oma ya ku Brazil

Ng'omayo inali yobwereka. Mwini wake anali mayi wina wa ku Bahia, ku Brazil, amene mwamuna wake ankagwira ntchito kumgodi wa malasha kuno ku Tete. Mayiyo anasonkhanitsa ife ogulitsa mbatata ndi kabichi n'kumatiphunzitsa kuimba ng'oma monga amaimbira magulu a anthu akuda kwawo pa karnavale, chikondwerero choguba m'misewu. Ankati kaimbidwe kameneko ndi kamene kanalowerera m'nyimbo zambiri zomwe timamva pa wailesi ndi m'machapa, maminibasi athu aja. Ine anandipatsa ng'oma yaikulu, ya surudu, poona kuti msana wanga unazolowera matumba.

Bambo anga, amene anakulira pang'oma ku Angónia, ankangondiseka. "Mkazi ndi ng'oma? Tiona."

Kutatsala masiku asanu kuti tigube mumsewu, ndinapita nayo kwathu ku Chimadzi kuti ndizikayeserera. M'mawa mwake, pochokera kotunga madzi, ndinamva fungo la pulasitiki wopsa. Bambo anali chiimire pafupi ndi moto wa udzu, ng'oma ili m'manja, pakati pake pali chibowo choti munthu n'kulowetsa mutu.

"Imalira mozizira," anatero. "Ndimati ndiiwambe pang'ono."

"Ababa, si chikopa chimenecho, ndi pulasitiki."

"N'chifukwa chake. Ndimadabwa kuti ndi nyama yanji yoyera chonchi."

Ndinalira kwambiri. Ndikamuuza chiyani mwini wake? Surudu inalipo imodzi yokha, ndipo popanda iyo ine ndikanangoonerera anzanga m'mbali mwa msewu.

Bambo sanapepese, kupepesa sakudziwa. Koma masana ndinapeza tonde wawo, amene ankamuyankhula ngati munthu, atapachikidwa pamtengo. Chikopa anachikhomera pansi, dzuwa la Tete n'kuchita mbali yake. Kenako anachipala, kuchiviika, n'kuchikunga pang'omayo, akung'ung'udza kuti zitsulo zomangira n'za anthu aulesi.

Ndinapita nayo kwa mayi uja, n'kumuuza zonse. Anaimenya kamodzi, namvetsera, kenako anaseka mpaka kukhala pansi. Anati kwawonso ng'oma zinayamba n'zikopa.

Tsiku logubalo kunatentha moti phula linkamata kunsapato. Komabe bambo anayenda pambali panga msewu wonse, atanyamula mtolo wa udzu ndi machesi, kuopa kuti ng'oma ingazizire. Aliyense woonerera bambo ankamukoka malaya.

"Ndi mwana wanga uyo," ankatero. "Mbuzinso ndi yanga."